Clifford Gedney Abisa Mwala wa Malire

Kwathu ku Thornsey munthu akafuna kukutukwana kuti zikuwawe mpaka m'mafupa, satchula amayi ako ayi. Amangoti, "Ukuchita ngati wa ku Mallowby." Basi, majekete avulidwa. A ku Mallowby ndi anthu ndithu, maso awiri ngati ife, koma belu la tchalitchi chawo limalira ngati ndowa yobooka, ndipo amadzitama kuti mbatatesi zawo zimaposa zathu. Zimaposadi, koma zimenezo sitinenera pagulu.

Midzi iwiriyi inalekana ndi kamtsinje ka Witter, kuyambira pamlatho wa njanji mpaka kudambo kumene nkhosa zimawola ziboda. Koma pamalo amodzi malire amawoloka madzi, n'kuzungulira munda umodzi ndi nyumba imodzi kutsidya, kenaka n'kubwereranso kumtsinje. Munda umenewo ndi wa banja la a Gedney. Ine ndine Thirza Gedney. Ndinabadwira m'nyumba imeneyo ndipo ndikukalambira momwemo, m'kachipinda koyang'anana ndi dziwe la abakha. Sukulu ndinaisiya nditangodziwa kulemba dzina, ukwati unandipitirira ngati basi yodzaza, ndiye ndinangosanduka azakhali a mudzi wonse.

Chimene chinawolotsa malire n'chakuti kalekale munthu wina woyenda pansi anauma ndi chisanu pakona ya mundawo. A ku Mallowby anabwera, anamuyang'ana, n'kunena kuti si wawo, matabwa a bokosi alibe. A ku Thornsey anawoloka ndi chitseko, anamunyamulirapo, n'kukamuika kumanda kwathu. Pobwerera anati amene waika maliro ndiye mwini nthaka imene munthuyo anaferapo, ndipo anazika mwala pomwepo. Timautcha Mwala wa Mlendo. Ndi wofika m'mawondo, wakuda ndi ndere. Ife a Gedney ndife a Thornsey chifukwa cha mwala umenewo basi.

Chaka chilichonse mu Meyi, mipanda ya minga ikachita maluwa oyera, mudzi wonse umayenda m'malire ndi ndodo za msondodzi. Mwala uliwonse umene tapeza timaukwapula ngati watilakwira. Tikafika pa Mwala wa Mlendo, ngati khonsolo ya mudzi ili ndi wapampando watsopano, amuna awiri amamunyamula, wina kumapewa wina kumiyendo, n'kumugunditsa matako pamwalapo katatu kuti asadzaiwale pamene Thornsey amathera. Abambo anga anagunditsidwa. Achimwene anga malemu a Wilfred anagunditsidwa, anthu akuwomba m'manja, mowa wa maapulo ukuwadikira. Ine ntchito yanga chiyambire inali kunyamula dengu la zakudya kumbuyo kwa gulu.

Ndiye aliyense ankadziwa kuti wotsatira ndi Clifford, mwana wa a Wilfred. Iyenso ankadziwa. Mpando umenewo ankauona ngati ndevu, zoti zidzangomera zokha nthawi ikakwana.

Koma chinali chaka chimene a ku London anasakaniza maboma ngati akukanda buledi. Kaofesi kathu kakale ka kutauni ya msika anakatseka, ife n'kutiponya m'boma lalikulu, m'manja mwa anthu oti Thornsey ankamufufuza ndi chala pamapu. Basi yathu ya Lachiwiri anafuna kuichotsa. Kumsonkhano m'holo anafunsa Clifford maganizo ake, iye anati, "Hmm," n'kukanda khutu. Mkazi wake Beryl anaimirira n'kulankhula mpaka mlendo wa kuboma anayamba kupepesa. Basi inatsala. Nthawi ya chisankho itafika, onse awiri analowa m'khonsolo, koma pampando anaikapo Beryl.

Ndipo Beryl, ndisaiwale, kwawo ndi ku Mallowby.

Musaganize kuti ine ndinali kumbali yake. Mkaziyo anabwera ndi kasutikesi kamodzi, n'kutenga khitchini ya amayi anga. Masikono ake amafufuma mpaka kukhudza denga la uvuni, anga amatuluka ngati miyala yonolera. Tsitsi lake silinayambe n'komwe kuchita imvi. Ndiye tsopano anamuveka mkanda wasiliva wa wapampando, womwe ine ndinaupukuta ndi phulusa kuyambira ndili kamtsikana, wa abambo kenaka wa achimwene, osauyesapo m'khosi ngakhale kamodzi. Unamukhala bwino. Chinandipweteka kwambiri n'chimenecho, chakuti unamukhala bwino.

Clifford yekha sanalankhule. Kumisonkhano ya khonsolo analeka kupita, akuti nkhumba zikudwala. Nkhumbazo zinali zonenepa kuposa ansembe. Kenaka kunayamba kubwera galimoto yobiriwira ya a Pinchbeck, mkulu wa kukhonsolo yatsopano ya boma, kudzatenga Beryl kupita naye kumisonkhano kutauni. Anali kamunthu kaukhondo, nsapato zopyapyala, kampango m'thumba la pachifuwa, mkazi alibe.

"Tsitsi la a Pinchbeck lero likuwala bwanji," ndinatero m'mawa wina ndikusuzumira pawindo. "Ntchentche itatera pamenepo ingathyoke mwendo."

Clifford anangopitiriza kucheka nyama m'mbale.

"Taona, atsika kudzamutsegulira chitseko. Iwe unamutsegulirapo chitseko mkazi wako?"

"Ndinamutsegulira geti la ng'ombe dzulo."

"Eya, chikondi cha a Gedney chimenecho. Ng'ombe zikadutsa, nayenso adutse."

"Azakhali, mulibe choluka?"

Choluka ndinali nacho, koma kumuona mwanayo akufiira makutu kunali kokoma kuposa kuluka. Nsanje ya munthu wina imakupumitsako yako.

Sabata ya mwambo itayandikira, Clifford analengeza kuti iye sadzayenda nawo m'malire. Ine ndinabwera ndi nkhani kuchokera kwa amayi okonza maluwa kutchalitchi.

"Ansembe agamula," ndinamuuza ali pakati pokama. "Ati mwambo ndi mwambo. Wapampando anyamulidwa, kaya wavala buluku kaya siketi."

"Zawo zimenezo."

"A Nuttall, mwini nyumba ya mowa, agwira mbali imodzi. Mbali inayo, poti mwamuna wake ali ndi nkhumba zodwala, a Pinchbeck adzipereka."

Mkaka unasiya kulira m'ndowa.

"Mbali iti?"

"Sindinafunse, mwana wanga. Koma munthu ali ndi mbali ziwiri zokha, kumapewa ndi kumiyendo. Sankha imene ikukupweteka pang'ono."

Ng'ombe inaponya mwendo. Ndikhulupirira anaifinya mopitirira.

Lachisanu madzulo tikudya, Beryl anaika foloko pansi.

"A Clifford, tamverani. Kuyenda kwa mawaku si kwa masiku onse. A Pinchbeck akuti miyala ija..."

Dzinalo litangomveka, Clifford anatambasula dzanja n'kukweza wailesi. Munthu wa m'wailesimo ankawerenga mitengo ya nkhumba kumisika. Umu ndi mmene ankachitira mwezi wonse, moti nyumba yathu inkadziwa mitengo ya nkhumba kuposa ogula ake.

Beryl anadzuka, anazimitsa wailesi, n'kuimirira patsogolo pake.

"Ndakusiyani mukufufuma ngati chule chifukwa ndimati zitha zokha. Mpandowu sindinakubereni, anandipatsa anthu. Mawa mubwere kapena musabwere, zili kwa inu. Koma mukandichititsa manyazi pamaso pa mudzi, ndipita kwa amayi ku Mallowby, ndipo pakhomo pano simudzandionanso."

"Upite pa galimoto yobiriwira."

"Ndipita wapansi. Ndi kuseri kwa mpanda pompa."

Anatola mbale zake n'kutuluka. Ine mkazi ameneyu ndakhala naye nthawi yaitali. Akanena kuti achapa makatani Lolemba, ngakhale kugwe matalala amachapa. Ndinadziwa kuti sakuopseza.

M'mawa mwake kunacha ndi nkhungu. Ndinadzidzimuka ndi phokoso la thirakitala, likuchokera kukona ya munda, likubwera pang'onopang'ono ngati ikukoka chinthu cholemera. Inaima pafupi ndi windo langa. Kenaka ndinamva khuvu! Abakha balala, akukuwa ngati alowa nkhandwe.

Clifford analowa m'khitchini buluku litanyowa mpaka m'ntchafu.

"Wasamba ndi abakha?" ndinamufunsa.

"Ndimakonza mpanda."

"Mpanda wa m'madzi?"

"Imwani tiyi wanu, azakhali." Anavula majombo, akumwetulira koyamba mwezi wonsewo. "Tione lero chimene amunyamulire."

Pamenepo ndinamvetsa. Popanda mwala palibe kugunditsa, popanda kugunditsa palibe kunyamula. Nzeru za mwamuna wa nsanje zimafika pamenepo n'kukhala pansi. Beryl anali m'chipinda chosungira zakudya akulongedza masikono, sanamve kanthu. Ine ndinamwadi tiyi wanga. Ndinkafuna kuona mkanda wasiliva uja utaima pamaso pa dzenje. Ndinakavala chipewa changa chokongoletsedwa ndi tizipatso tofiira ta matcheri.

Tinanyamukira patchalitchi, ansembe patsogolo, Beryl pambali pawo atavala diresi yabuluu, mkanda uli ng'aning'ani. Mwala wa pamlatho wa njanji tinaukwapula. Wa pamabwinja a nyumba ya amonke, imene inagwetsedwa ndi mfumu ina yakale ya akazi ambirimbiri, tinaukwapula. Kudambo a Pinchbeck anamira mwendo umodzi mpaka m'kakolo, nsapato n'kutsala m'matope, ana n'kuivuula ndi ndodo. Komabe pamwala uliwonse ankawerama, kuugwira ndi dzanja, n'kugwedeza mutu. Ine ndinkangoti ndi ulemu wa anthu a m'tauni.

Tili pakati pa ulendo, wina anandigwira pamkono.

"Si Clifford wanu uyo?"

Analidi iye, atavala suti yake ya maliro ndi maukwati, manja m'thumba, akuimba mluzu. Beryl atamuona nkhope yake inawala ngati ya mtsikana. Anabwerera m'mbuyo, n'kumukonza kolala.

"Mwabwera," anatero motsitsa mawu.

Mluzu uja unathera pomwepo. Clifford anayang'ana nsapato zake. Ine ndinasinthira dengu kudzanja lina, mwadzidzidzi linayamba kulemera.

Tinawoloka Witter pa kamlatho ka matabwa n'kulowa m'munda mwathu. Kuseri kwa mpanda kunali kutadzaza a ku Mallowby, monga amachitira chaka chilichonse, kudzatiseka. Patsogolo pawo panali Stanley, mlongo wake wa Beryl, wakhonsolo ya kwawoko, munthu wa pakamwa ngati geti losatseka. Anali atatsamira pa kamakwerero kodumphira mpanda.

"Fulumirani, a Thornsey!" anakuwa. "Ife tabwera kudzaona matako a boma!"

Tinafika pakona. Ndodo zinali m'mwamba kale, zokonzeka kukwapula. Pansi panali dzenje lodzaza madzi amatope. Kuchokera padzenjepo, mizere iwiri ya matayala a thirakitala inadutsa m'tirigu wanthete, ndi khwawa pakati, tolotolo mpaka kudziwe la abakha. Khanda likanatha kuitsata. Mudzi wonse unayendetsa maso kuchokera padzenje mpaka kudziwe, kuchokera kudziwe mpaka pa Clifford, kenaka aliyense anayamba kuyang'ana mitambo. Ansembe anatsokomola. A Nuttall anati mwina kugwa mvula.

Kenaka a Pinchbeck anatembenukira kwa Beryl.

"Pepani kwambiri, amayi wapampando. Koma ndinanena kale kumsonkhano wanu. Khonsolo ya boma yandituma kuti ndidzaone mwala uliwonse ndi maso anga. Pamene pali mwala, malire akale akhala momwemo. Pamene palibe, titsata mtsinje."

Tonse tinatembenuka kuyang'ana mtsinje. Unali kumbuyo kwathu, pakati pa ife ndi Thornsey.

Stanley anayamba ndi kaphwete, kenaka anaseka mpaka kugwira mpanda wa minga osamva kubaya.

"Takulandirani, alamu! Anthuni, vulani zipewa, kwabwera a Clifford Gedney a ku Mallowby! Zimene makolo athu analephera zaka mazanamazana, alamu atichitira asanadye kadzutsa!"

"Tikusungirani malo kumanda!" anakuwa mayi wina kumbuyo kwake. "Pansi pa belu penipeni! Ndi azakhali omwe!"

Ndi azakhali omwe. Thukuta linatsika pansi pa matcheri anga. Ine Thirza Gedney, kukagona mpaka tsiku lachiweruzo ndikumvera ndowa yobooka ija?

Clifford anali atayera ngati mkaka.

"Palibe amene anandiuza," anatero.

"Munkamvera mitengo ya nkhumba," anayankha Beryl.

Sanakuwe. Akanakuwa zikanakhala bwino. Anakweza manja, anamasula mkanda m'khosi, n'kutembenukira kwa ine.

"Azakhali, tagwirani."

Ndinaugwira. Unali wofunda ndi thupi lake, wolemera kuposa mmene unkamvekera poupukuta.

"Ndinati ndipita kwathu wapansi," anatero Beryl, mudzi wonse ukumva. "Amuna anga andichitira chifundo, andikokera kwathu mpaka pakhomo. Komabe ndipita."

Analunjika pa kamakwerero kaja. Stanley anasiya kuseka n'kumupatsa dzanja. Anakwera, n'kuwolotsa mwendo umodzi.

"Beryl," anaitana Clifford.

"Ndikumva."

"Mwala uja uli m'dziwe."

"Mudzi wonse ukudziwa kuti uli m'dziwe. Abakha anadziwa poyamba."

"Sindinkafuna..." Kwa mwana wa Gedney kulankhula pagulu kuli ngati kuzula dzino. "Sindinkafuna kuti uyu akunyamule. Mpando watenga, mkanda watenga, sindinanene kanthu. Koma kuti ndiime apo ndikuona munthu wonunkhira mafuta akukunyamula pamunda wa abambo anga, ayi."

A Pinchbeck anafiira, n'kudzigwira tsitsi ngati akufuna kulibisa.

Beryl anakhala pamwamba pa kamakwereroko, mwendo umodzi kwathu, wina kwawo.

"Ansembe, auzeni," anatero.

Ansembe anatsokomolanso. "Amayi Gedney anandipempha kuti malo a kumapewa ndisapatse munthu mpaka titafika pamwala penipeni. Anati mwini wake abwera. A Pinchbeck anali ongodikirira, ngati mwini wakeyo atapanda kuoneka."

"Ndipo mutabwera ndi suti ndinati ndaona," anatero Beryl. "Ndinakukonzani ndi kolala yomwe, a Clifford. Pamaso pa anthu."

Ine ndinayang'ana mkanda m'manja mwanga. Munthu kusungiridwa malo mwezi wonse akufufuma ngati chule! Ine ndakhala wokoma mtima zaka zonsezi, kapena tinene masiku ena, ndipo palibe anandisungirapo ngakhale mpando m'basi.

A Pinchbeck anapukuta magalasi awo. "Ine ndichoka pano ndikamwa tiyi," anatero akuyang'ana kumbali. "Ndikamanyamuka, chimene chidzakhale pakonapa ndi chimene ndidzanene kuti ndinaona."

Clifford sanavule ngakhale jekete. Anathamanga motsata mizere yake yomwe, anatenga tcheni pathirakitala, n'kulowa m'dziwe ndi suti ya maliro. Madzi m'mawondo, m'chiuno, pachifuwa. Anamira, anavuuka ndi ndere pamutu, anamiranso. Bakha wamwamuna anamujompha pakhosi.

"Kumanzere, alamu!" anakuwa Stanley. "Ayi, kumanja! Siyani, mwatopa, kwathu n'kwabwino!"

"Tseka pakamwa iwe, wa ku Mallowby!" ndinamubwezera. "Inu munakana ndi maliro omwe!"

"Azakhali, mawa tikhala mpingo umodzi, tiyambe kukondana!"

A Nuttall anavula nsapato n'kulowa nawo. Amuna ena anatsatira, akutukwana motsitsa chifukwa cha ansembe. Tcheni inaterereka kawiri. Kachitatu inagwira, thirakitala inalira, ndipo Mwala wa Mlendo unatuluka m'matope ngati nkhumba yokana kupita kumsika. Anaukokera kukona, anauimika ndi mapewa ndi mitengo, n'kupondaponda dothi mozungulira. Unapendekeka pang'ono, ndipo ndi wopendekeka mpaka lero. A Pinchbeck anawerama, anaugwira ndi dzanja, n'kugwedeza mutu.

Nthawi yonseyi Beryl sanasunthe. Anali pomwepo pamwamba, manja atapinda.

"Chabwino," anatero ansembe, akuyesa kuseka. "Mwala wabwerera. Tsopano ngati wapampando angatsike..."

"Ansembe," anatero Beryl, "munthu timamugunditsiranji pamwalapo?"

"Kuti asadzaiwale pamene uli."

"Ine sindinaiwale."

Maso onse anapita pa Clifford. Anali chiimire, madzi akutuluka m'matumba, nthenga ya bakha itamatirira pakhutu. Anayang'ana mkazi wake, anayang'ana mwendo umene unali kutsidya kwa mpanda. Kenaka anayenda yekha mpaka pamwala, anakhala pansi m'matope, n'kutambasula manja ndi miyendo ngati nkhosa yokametedwa.

"Bwerani," anatero. "Koma kumapewa agwire mkazi wanga."

Beryl anamuyang'ana nthawi yaitali ndithu. Stanley anali atagwirabe dzanja lake. Kenaka Beryl anachotsa dzanjalo, anabweza mwendo uja, n'kutsikira mbali ya Thornsey.

"Kumiyendo ndani?" anafunsa akukwinya manja a diresi.

Dengu ndinaliponya pansi. "Ine!"

"Azakhali, muthyoka msana."

"Msanawu wanyamula masikono a mudzi uno musanabadwe nonsenu. Ndipatseni mwendo."

Mwendo umodzi ndinautha, koma wachiwiri unasowa munthu, poti a Nuttall ankafinya buluku kuseri kwa mtengo. Ndinayang'ana uku ndi uku.

"A Pinchbeck! Si paja munadzipereka?"

Ndiye a Pinchbeck anagwiradi mwendo wa a Gedney tsiku limenelo, wa nsapato yamatope, atatembenuzira nkhope kumbali. Tinamukweza, tinamugwetsa. Phi!

"Kamodzi!" anawerenga a Thornsey.

Phi!

"Kamodzi!" anakuwa Stanley. "Koyamba kaja sitinaone bwino!"

Tinamugunditsa mpaka manja anga anachita dzanzi. Clifford sanadandaule, ankangoluma mano akuyang'ana m'mwamba, pamene panali nkhope ya Beryl. Pomaliza Beryl anawerama, n'kumuchotsa nthenga ija pakhutu.

Atadzuka sanafunse ansembe kapena munthu aliyense. Anamunyamula mkazi wake yekha, dzanja lina kumsana lina pansi pa mawondo, ngati tsiku la ukwati, n'kumukhazika pamwala katatu, pang'onopang'ono ngati akuika mazira m'dengu. Diresi yabuluu ija inada ndi matope a m'dziwe kuyambira paphewa mpaka m'munsi.

"Mukununkha abakha," anatero Beryl.

"Hmm," anayankha Clifford. Koma sanamutsitse msanga.

Anthu anawomba m'manja, ndodo zinagwa pamwala ngati mvula, ndipo a ku Mallowby anadumpha mpanda kudzadya masikono athu, monganso amachitira chaka chilichonse. Ine ndinaima pambali, shawelo nditaikokera mpaka m'chibwano ngakhale kunkatentha.

"Azakhali," anatero Beryl atandipeza. "Mkanda."

"Mkanda uti?"

"Umene ukuonekera pansi pa shawelo yanuyo."

Ndinauvula mosafulumira. "Ndimangoufunditsa. Siliva sagwirizana ndi chinyezi."

"Wakukhalani bwino," anatero, n'kuuvala.

Mukuona mmene alili? Ngakhale pokulanda chinthu amakusiya wopanda ponyozera.

Gulu litapita kukamwa tiyi kunyumba, ndinatsala kuti nditole dengu. Ndinayang'ana kumanzere, kumanja, kunalibe munthu. Ndinakwinya siketi, n'kudzikhazika ndekha pa Mwala wa Mlendo. Ndinadzuka, ndinakhalanso. Kachitatu mawondo anakana kudzuka, ndiye ndinangokhala pomwepo, kuzizira kukulowa m'mafupa. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti pamamveka mwina. Ndi mwala basi, wonyowa. Chimene chimakoma ndi kunyamulidwako.

Nditakhala pamenepo ndinawaona awiriwo kumapeto kwa munda, akubwerera m'mbuyo mwa anthu onse. Clifford ankayenda motang'aza, dzanja lili kumbuyo. Atafika pa geti la ng'ombe anathamangira kutsogolo, analitsegula, n'kuima pambali chipewa chili m'manja mpaka Beryl atadutsa. Ng'ombe panalibe ngakhale imodzi.

Masikono a tsiku limenelo anafufumanso mpaka kumwamba. Ndinatenga limodzi m'dengu kuti ndilipeze chifukwa. Ndinalisowa, ndiye ndinatenganso lina.